Mpweya wa M'galaja: Mawu kwa Amisiri Opopera Penti pa Matabwa

 Ndikamba ndi inu, amisiri ndi ophunzira, za ntchito yotsiriza pa mpando, pa tebulo kapena pa kabati, ndiyo kupopera penti ndi vanishi, makamaka monga imachitikira m'kagalaja ka pakhomo, mmene ambiri a inu mudzayambira kudziimira panokha, kompuresa ili pangodya, matabwa atatsamira khoma, ndipo ana akusewera kuseri kwa chitseko.

Munthu akaima m'mbali mwa msewu ku Mchesi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, nayang'ana makabati ndi matebulo atandandalikidwa padzuwa akunyezimira, msanga amaganiza kuti chinsinsi cha kuwala kumeneko chili m'chitini cha penti kapena mu mfuti yopoperayo, ndipo akapeza ndalama amathamangira kukagula zomwezo. Koma amene adakhalitsa pa ntchitoyi amadziwa kuti mmisiri wopopera amalimbana ndi mpweya koposa penti. Pakuti mpweya ndiwo umaswa penti kukhala nkhungu, ndiwo umamunyamula kumufikitsa pathabwa, ndiwo umamuumitsa, ndipo mpweya womwewo, mwini akauleka kuti udzilamulire, ndiwo umabweretsa fumbi, chinyezi, moto ndi nthenda. M'fakitale yaikulu muli chipinda chomangidwira dala kuti chilamulire mpweya. M'galaja mulibe, ndipo udindo wonse umagwera mmisiri mwini wake.

Mfuti yopopera si yakale kwambiri ngakhale kwa eni ake amene adaipanga. M'chaka cha 1887, Joseph Binks, amene ankayang'anira zokonzakonza pa sitolo yaikulu ya Marshall Field mumzinda wa Chicago, poona antchito ake akuvutika kupaka njereza ndi burashi m'zipinda zapansi za sitoloyo, adalumikiza mpope wa pamanja ndi chotengera chotsekedwa ndi kapaipi ka mlomo wopanikiza, nayamba kupopera makoma. Chaka chotsatira, ku Toledo m'chigawo cha Ohio, dokotala Allen DeVilbiss adakonza kachida kopopera mankhwala pakhosi ndi m'mphuno mwa odwala. Ndipo mwana wake Thomas ndiye amene m'chaka cha 1907 adakasandutsa mfuti yopopera penti. Ndikupemphani musunge mumtima chiyambi chimenechi, kuti mfuti imene muli nayo m'manja idabadwa monga chida cholowetsa mankhwala pakhosi pa munthu, ndipo ntchito imeneyo siidaiiwale kufikira lero.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, kampani ya DuPont, imene inkapanga wonga wochuluka kuchokera ku thonje lonyikidwa mu asidi, idapeza njira yosungunula mankhwala a mtundu womwewo, otchedwa nitrocellulose, kuti akhale lacquer, nimutcha Duco. Ndipo magalimoto a Oakland a chaka cha 1924 ndiwo adayamba kutuluka atavala penti ameneyu. Galimoto imene kale inkadikira masabata kuti iume idayamba kuuma m'maola ochepa. Penti wouma msanga chotere burashi singamuyale bwino, popeza amagwira dzanja lisanabwerere kachiwiri, motero lacquer ndi mfuti zidaloŵana ukwati umene sudathe mpaka pano. Lacquer amene ambiri a inu mumagula m'masitolo a zomangira ndi wa fuko lomwelo, m'bale wake wa wonga, ndipo za chibale chimenechi ndidzanenanso. Tizitini topopera pamanja, timene Edward Seymour wa ku Illinois adayamba kuthiramo penti m'chaka cha 1949, sindikambapo zambiri: n'tabwino pa kafelemu ka chithunzi, koma wofuna kumaliza kabati yonse ndi timeneti adzatha phindu lake asanafike ku chitseko chachiwiri.

Tsono tisanakhethemule mfuti, tiyambe taŵeramira thabwa. Penti wopopera sabisa kanthu; kamzera kalikonse kamene pulena idasiya, kadontho kalikonse ka guluu kamene kadaumira pamfundo yolumikizira, iye amakaulula poyera ndi kukawalitsa. Kwechani ndi sandipepa motsata mizere ya thabwa, kuyambira nambala 120, kudzera 180, kufikira 220, osadumpha, chifukwa sandipepa iliyonse ntchito yake ndi kufafaniza zipsera za inzake imene idatsogola. Koposa apo, funsani ngati thabwalo lauma. Paini wambiri wa ku Chikangawa amafika pamsika akadali ndi madzi, ndipo thabwa loti likhale m'nyumba liyenera kutsala ndi chinyezi cha pafupifupi magawo 12 pa 100. Mukalikuta ndi vanishi lisanafike pamenepo, lidzapitiriza kuuma pansi pa vanishiyo, lidzapindika, ming'alu idzatseguka, ndipo wogula amene adakuyamikirani pa tsiku lonyamula adzakumbukira mawu a akuluakulu akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa chifukwa chomwecho poperani ndi kunsi kwa tebulo komwe, kumene diso silifika, kuti mbali zonse ziwiri zizimwa ndi kutaya chinyezi mofanana.

Mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Mfundo za paini zimatulutsa utomoni umene umaboola penti woyera n'kusiya mabala achikasu, ndipo mankhwala ake akale ndi shellac, amene amachokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi Thailand. Kumupaka kawiri pamfundo n'kokwanira. Mbawa ili ndi timabowo totseguka timene timamwa vanishi, ndipo imafuna sanding sealer woyamba, wokwechedwa pang'ono ndi nambala 320, ndipo pamenepo vanishi amayala mosalala. Kunena za mlombwa, ine mtima umandiwawa ndikaona munthu akuukwirira ndi penti wobisa mtundu wake, mtengo umene udatha zaka makumi ambiri kuthengo ukukonza maonekedwe amene palibe chitini chingawapange. Wofuna kabati yoyera agule paini kapena bolodi. Mlombwa upatseni vanishi woonekera, wopyapyala, ndipo muusiye ulankhule wokha.

Tibwere ku mpweya wa mu mfuti. Mfuti zakale zinkawomba ndi mphamvu yaikulu, ndipo penti woposa theka ankadumpha pathabwa n'kuuluka. N'chifukwa chake kudabwera mfuti zotchedwa HVLP, zimene zimatulutsa mpweya wochuluka koma wofatsa, wosapitirira 0.7 bar pamlomo pake, ndipo zimafikitsa pathabwa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a penti. M'kachipinda kakang'ono kusiyana kumeneku n'kwakukulu, pakuti penti aliyense amene sadafike pathabwa ali m'mwamba kudikira chifuwa chanu. Koma mfuti zoterezi n'zaludzu: zambiri zimafuna mpweya woposa malita 250 pa mphindi imodzi, pamene kompuresa yaing'ono ya thanki la malita 24 kapena 50 kawirikawiri siikwanitsa. Chimene chimachitika n'chakuti mumayamba bwino kumutu kwa tebulo, mphamvu n'kumatsika muli pakati, madontho n'kumakula, ndipo kumapeto kumatuluka khungu la lalanje. Mnyamata amatukwana penti, pamene wolakwa ndi thanki. Wokhala ndi kompuresa yaing'ono asankhe mfuti yomwa mpweya wochepa, agawe ntchito m'zigawo, ndipo adikire thanki lidzaze asanayambe mbali yaikulu.

Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ukazizira m'thanki umakha madzi, ndipo madziwo, pamodzi ndi mafuta a kompuresa, amayenda m'paipi kukatulukira pa ntchito yanu. Pansi pa thanki pali kampopi kokhetsera. Katseguleni tsiku lililonse poŵeruka, ndipo muike kasefa kogwira madzi pafupi ndi mfuti. Penti mumusungunule monga mwini wake adalembera pachitini, mumusefe pa kansalu kosalala, ndipo mlomo wa mfuti ugwirizane ndi kulemera kwake: wa mamilimita 1.3 kapena 1.4 pa lacquer ndi vanishi wopepuka, wa 1.8 kapena kuposerapo pa penti woyamba wokhuthala. Yesani kaye pa katoni. Chithunzi chimene mfuti yajambula chikatuluka chopindika, kabowo kena ka m'mbali katsekeka. Katsukeni ndi thinner ndi kamtengo kosongola, osati ndi waya kapena singano, pakuti kabowo kokandidwa sikachira.

Za kagwiridwe ka mfuti pakamwa sipangaphunzitse zambiri, ndipo aphunzitsi anu adzakuonetsani bwino koposa ine. Ndingotchula zimene dzanja limakonda kuiwala. Mfuti ikhale masentimita 15 kufikira 20 kuchokera pathabwa, italunjika ndithu, ndipo uziyenda ndi mkono wonse pamodzi ndi thupi, pakuti wopinda dzanja pamkono amayandikira pakati n'kutalikira kumapeto, motero pakati penti amachucha, kumapeto n'kugwa wouma ngati mchenga. Khethemulani musanafike pathabwa, lekani mutalipitirira, ndipo mzere uliwonse ukute theka la unzake. Yambani ndi m'mphepete ndi m'makona, mumalize ndi poyera. Chimene chingagone, monga chitseko cha kabati, chigonekeni, chifukwa penti wogona sachucha. Ikani nyali chapambali kuti kuwala kudzere chopendekera, mudzitha kuona pamene panyowa ndi pamene pakadali pouma. Ndipo kupopera katatu mopyapyala, ndi kudikira pakati pake, kumaposa kamodzi kokhuthala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake pa ntchitoyi, ndipo dziko lathu lili ndi nyengo ziwiri zovuta. M'dzinja, ndiponso masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, mungathe kupopera lacquer woonekera bwinobwino, n'kudabwa kumuona akuyera mbuu pamaso panu. Chifukwa chake n'chakuti thinner pouluka msanga amaziziritsa thabwa, chinyezi cha mumpweya n'kusanduka mame pa lacquer wosauma, ndipo mamewo amatsekeredwa m'kati. Mankhwala ake ndi kuthirako pang'ono retarder, amene amachedwetsa kuuma kuti madziwo apeze mpata wothawa, kapena kungodikira tsiku louma. Ndipo popeza lacquer wa nitrocellulose amasungunukanso akakhudzana ndi thinner, kupoperanso mopepuka nyengo itasintha nthawi zambiri kumachotsa kuyerako. Mu October vuto limatembenuka: pansi pa malata otentha penti amauma asanafike pathabwa. Nthawi imeneyo poperani m'mamawa.

Galaja ili ndi mdani wake wina amene m'shopu wamba sapezeka kawirikawiri. Iyo ndi nyumba ya galimoto, ndipo mankhwala owalitsira matayala ndi m'kati mwa galimoto, komanso polishi wopopera wa mipando, nthawi zambiri amakhala ndi silicone, amene kadontho kake kosaoneka kakagwa pathabwa penti amakathawa, n'kusiya timaenje tozungulira totchedwa maso a nsomba. Zinthu zimenezo zisalowe m'chipinda chopoperamo. Fumbi nalo musalipatse malo: kukwecha ndi kupopera zisachitike pa ola limodzi m'chipinda chimodzi, sesani dzulo lake, wazani madzi pansi, tchingani malo opoperapo ndi pulasitiki, ndipo vulani malaya a utuchi musanagwire mfuti, popeza fumbi lambiri limene limagwa pa vanishi limachokera pa mmisiri mwini.

Tsopano ndifike pa zimene zidandidzutsa kunyumba. M'chitini cha lacquer, chimene chimatsala pathabwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Chotsalacho, pamodzi ndi thinner amene mudathiramo, chimauluka n'kukhala nanu m'chipinda. Tiyeni tiwerengere limodzi. Galaja ya galimoto imodzi imakhala ngati mamita 6 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.5 kupita m'mwamba, ndiko kuti makyubiki mita 45 a mpweya. Lita imodzi ya toluene, amene amapezeka mu thinner wambiri, ikauluka yonse imasanduka nthunzi yoposa malita 200, imene m'chipinda chotsekedwa chotere ndi theka la gawo limodzi pa 100. Nthunzi ya toluene imayaka ikangopitirira pang'ono gawo limodzi pa 100. Motero malita osakwana atatu akhoza kusandutsa galaja yonse kukhala yodikira kamoto kamodzi kokha. Ndipo tsoka silidikira kuti chipinda chonse chidzaze, pakuti nthunzi imeneyi n'njolemera kuposa mpweya, imatsikira pansi n'kuyenda ngati madzi osefukira, kudzera pansi pa chitseko, kukafika pa mbaula imene mayi akoleza pakhonde. Ndudu, kandulo ya pamene magetsi athima, kamoto ka mu switchi kapena mu injini ya kompuresa, chilichonse mwa izi n'chokwanira. Fumbi la lacquer louma limene limaunjikana pamakoma ndi pansi nalonso limayaka mwaukali, monga mwa fuko lake lija.

Chifukwa chake kompuresa ikhale panja, paipi yokha ilowe. Fani wamba musayiike potulukira kuti izikoka nthunzi kudzera mu injini yake. Iikeni polowera, izikankha mpweya woyera kuchokera kumbuyo kwanu, kudutsa pa ntchito, kukatulukira pa khomo kapena zenera la mbali ina, ndipo potulukapo pakhalenso mpata chapansi. Musanatsegule, taonani kumene mpweyawo ukupita, ngati si pa zovala zoyanika za mnansi kapena pa zenera la chipinda cha ana. Chitseko cholowera m'nyumba chitsekedwe ndi kumatidwa m'mphepete. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed musaziunjike, chifukwa mafuta amenewa pouma amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa nsanza umatha kudziyatsa wokha usiku popanda munthu woukoleza. Mu February 1991 nsanza zotere zidayatsa nyumba ya nsanjika 38 ya One Meridian Plaza mumzinda wa Philadelphia, ndipo ozimitsa moto atatu adafera m'menemo. Ziyanikeni imodziimodzi panja, kapena zimizeni m'madzi m'chitini chachitsulo chovundikira.

Moto umaopsa chifukwa umaoneka, koma nthenda imabwera mwakachetechete. Malamulo a ku Britain salola kuti wantchito apume toluene woposa magawo 50 pa miliyoni pa tsiku la maola 8. Lita imodzi ija m'galaja yotseka imafika magawo 5,000, ndiko kuti kuchulukitsa ka 100. Chizungulire, mutu ndi kuledzera kopanda mowa kumene anyamata amaseka poŵeruka ndi chizindikiro chakuti ubongo walandira kale mankhwalawo, ndipo zaka zikachuluka amawononga minyewa, kukumbukira ndi impso. Kusamba m'manja ndi thinner ndi khomo lina lolowera, popeza amaboola khungu. Kansalu komanga pamphuno ndi kamasiki ka pepala zimagwira fumbi lokha, nthunzi imadutsa osaimitsidwa. Chofunika ndi masiki ya labala yogwira nkhope bwino, yokhala ndi timabokosi ta makala okonzedwa, timene pa muyeso wa ku Ulaya timakhala ndi mzere wa bulauni ndi chilembo A, pamodzi ndi kasefa ka fumbi. Ndevu zimatsegula mpata m'mbali. Makalawo amamwa nthunzi ngakhale masiki itapachikidwa pamsomali, choncho isungeni m'thumba lotseka, ndipo mukangomva fungo m'kati mwake, sinthani timabokosito.

Pali penti wina amene ndikufuna kumutchula payekha, uja wosakaniza ndi hardener, amene mumamutcha 2K. N'zoona kuti n'ngolimba ndiponso n'ngowala, ndipo ogula amamukonda pa makabati a kukhitchini. Koma hardener wa 2K wa polyurethane ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene ali m'gulu la zinthu zotsogola poyambitsa mphumu ya kuntchito. Thupi likangodana nawo kamodzi, ngakhale kachigawo kochepetsetsa kamadzutsa nthendayo, ndipo nthawi zambiri kubanika kumabwera usiku munthu ali pamphasa, motero saganiza n'komwe kuti kwachokera ku shopu. Akuluakulu adati tsoka silinunkha, ndipo pano mwambiwu ndi woona ndithu, pakuti mankhwalawa amavulaza mphuno isanamve kanthu, ndipo nkhungu yake yosaoneka imatsala m'chipinda mfuti italeka kale, pa nthawi imene mmisiri amavula masiki kuti asirire ntchito yake. M'maiko amene amasamala za ichi, wopopera 2K amavala chophimba nkhope cholandira mpweya woyera kudzera m'paipi, ndipo amagwirira m'chipinda chokoka mpweya. Chigamulo changa n'chakuti penti ameneyu alibe malo m'galaja ya pakhomo. Kumeneko vanishi ndi penti wosungunula ndi madzi, ngakhale amadzutsa ubweya wa thabwa ndipo amafuna kukwechanso mukapopera koyamba, ndiwo oyenera. Moto saukonda, fungo n'lochepa, koma masiki muvalebe, pakuti nkhungu yake nayo si chakudya cha mapapo.

Onjezani pamenepo mtovu. Kuyeza kumene bungwe la LEEP lidachita pa penti wogulitsidwa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 kudapeza mtovu wochuluka mu penti wina wa mafuta, ndipo a Malawi Bureau of Standards adachitapo kanthu. Malire amene maiko ambiri akutsata ndi magawo 90 pa miliyoni. Mtovu umapha nzeru za mwana, ndipo zikafa sizibwerera. Wopanga kabedi ka khanda, kampando ka sukulu ya mkaka kapena zidole afunse za penti wake, ndipo wokwecha mpando wakale wopentedwa achite zimenezo kutali ndi ana, atanyowetsa sandipepa.

Chotsiriza ndilankhule kwa inu eni mashopu, amene mumalemba anyamata ndi kulandira ophunzira. Pali mwambo umene udafala pakati pathu, wopatsa wopopera paketi ya mkaka akaŵeruka, poganiza kuti mkaka umatsuka penti m'chifuwa. Mwambowu udachokera mu mtima wabwino, ndipo sindikunyoza amene amautsata. Koma mkaka umapita m'mimba, penti amapita m'mapapo ndi m'magazi, ndipo ziwirizi sizikumana. Mwana wa mwini amene makolo ake adamuika m'manja mwanu kuti mumuphunzitse luso adzafuna mapapo ake zaka makumi anayi zikubwerazi. Mkaka mupatseni ngati ali ndi njala, koma masiki yoyenera, timabokosi ta makala tosintha pa nthawi yake, magolovesi ndi chozimira moto muziwerengere pa mtengo wa mpando, monga muwerengera guluu ndi misomali. Ndipo inu ophunzira, mukadzafika pa shopu n'kupatsidwa mfuti popanda masiki, pemphani mwaulemu, ndipo musapopere kufikira mutapatsidwa.